Chikwama cha Sajeni Ndaona

Chaka chimene Shakila Bakali anakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi, wailesi inalengeza kuti asilikali akulemba anthu ntchito. Ankafuna anyamata ndi atsikana okhala ndi satifiketi ya Fomu 4, ndipo tsiku lokawayesa ku Mangochi boma linali litatsala ndi masabata anayi. Shakila anamva uthengawo ali pathandala ku Lungwena, akutembenuza usipa wa eni ake. Satifiketiyo anali nayo. Inali itagona zaka zitatu m'pulasitiki pansi pa zitenje za mayi ake, popanda woifunsa.

Anali mtsikana wamtali, wamapewa otakata, wozolowera kusenza beseni la nsomba kuchokera kugombe mpaka pamsewu osatula. Chimene ankafuna ankachidziwa. Tsiku lina anaona mzimayi wa yunifomu akuyendetsa chilole cha asilikali pamlatho wa Shire, chigongono chili pawindo, ndipo kuyambira pamenepo nsomba zinayamba kumununkhira.

Patangopita masiku atatu, pa Lungwena panatulukira mwamuna wina pa njinga yamoto. Anali wamfupi, wakhosi lonenepa, wovala jombo zakuda zopukutidwa bwino ndi buluku lamawangamawanga. Anati dzina lake ndi Sajeni Ndaona. Anaimika njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi bwalo la mpira, n'kutuma mawu kuti aliyense wofuna usilikali abwere ndi mapepala ake.

Anabwera anthu makumi awiri ndi atatu. Mmodzi mwa iwo anali Osmani Shaibu, msuweni wa Shakila, mwana wa amalume ake. Osmani anakulira kumapiri kumene bambo ake ankalima chimanga, ndipo ankapalasa kabaza. Zaka zake zinali pamalire. Akanalephera ulendo uno, ulendo wina akanamuuza kuti wakula.

"Ana a tsidya lino mumalephera chaka ndi chaka," anatero Ndaona, akuyendayenda kutsogolo kwawo manja ali kumbuyo. "Si kuti mulibe mphamvu. Mulibe munthu. Ine ndatumidwa kuti ndikukonzeni, ndipo mayina anu ndikawapereka ndekha m'manja mwa akuluakulu. Usilikali uli patatu: pamtunda, pamadzi, mumlengalenga. Aliyense asankhe lero. Ukasankha wasankha."

Anawaitana mmodzimmodzi. Shakila atafika, anaima mowongoka mmene ankaganizira kuti asilikali amaimira.

"Pamtunda, bwana. Ndikufuna kudzayendetsa galimoto."

Ndaona anatembenuza chiphaso chake cha unzika, n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi. "Bakali. Bakali wake uti? Uja wa khutu limodzi?"

"Eya, bwana. Ndi bambo anga."

"Wa ku Mozambique uja." Anaseka pang'ono. "Iwe ukapita wekha akakufunsa kumene bambo ako anabadwira, basi wabwerera. Pamtunda amafufuza mpaka agogo. Ndikuika pamadzi, kumeneko kuli anzanga, adzatseka maso."

Nyanja ndi imene Shakila ankaithawa, koma anaopa kutaya zonse. "Chabwino, bwana."

Osmani anasankha pamadzi yekha, chifukwa Ndaona anati kumeneko malo alipo ambiri. Sananene kuti kusambira sadziwa. Ndaona anatolera masatifiketi onse ndi ziphaso, n'kuziika m'chikwama chakuda chakumsana. Anati ziyenera kutsogola kuti akuluakulu akazione.

Maphunziro anayamba m'mawa mwake. Ndaona anabwera ndi lamba wa injini ya chigayo, wodulidwa kutalika ngati mkono. Ankawathamangitsa kuchokera pa Lungwena kulowera ku Malindi dzuwa lili pamutu, iye akutsatira pa njinga yamoto, ndipo wotsalira lamba ankamupeza m'miyendo. Ankawadumphitsa ngati achule pamchenga wotentha mpaka mawondo kunjenjemera. Wogwa ankamupondaponda ndi jombo m'nthiti. Mnyamata wina anasanza magazi sabata yoyamba, koma m'mawa mwake anabweranso. Onse ankati usilikali ndi wotero. Ngakhale anthu a m'mudzi ankaima chapatali kuonerera, ena n'kumagwedeza mitu kuti ana akuumbidwa.

Sabata yachitatu Ndaona anatenga a pamadzi okha, anthu asanu ndi anayi, kupita nawo kugombe lopanda mabwato. Anawalowetsa m'madzi ofika m'chifuwa.

"Msilikali wa pamadzi amapuma ndikamulola ine," anatero.

Ankagwira munthu pakhosi, kumumiza, n'kumawerenga mokweza. Shakila anapirira mpaka makumi asanu ndi limodzi. Atafika pa Osmani, anangowerenga mpaka khumi Osmani n'kuyamba kuphupha. Anavuuka akutsokomola, maso ali psuu, n'kugwira malaya a Ndaona ndi manja awiri ngati mwana.

"Ukundigwira ine?"

Ndaona anapinda chikhatho ngati chikho n'kumuwomba pakhutu lamanja. Linamveka ngati chikwanje chamenya madzi. Anamuwombanso pomwepo, kachiwiri, kachitatu, kenaka n'kumumizanso. Miyendo ya Osmani inatakataka, kenaka inasiya.

"Bwana, afa!" anakuwa Shakila.

Sanadikire yankho. Anamukankha Ndaona ndi phewa, n'kumugwira Osmani m'khwapa, kumukokera kumtunda. Osmani anasanza madzi pamchenga. M'khutu mwake munkatuluka magazi opyapyala otsikira m'khosi. Shakila adakali chogwada pambali pake, lamba anatera pamsana pake. Anawerenga zikwapu zisanu ndi ziwiri, kenaka anasiya kuwerenga. Malaya anang'ambika. Sanalire, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima kwambiri Ndaona.

Madzulo a tsikulo mayi ake akumuthowa ndi madzi otentha kuseri kwa nyumba, Che Bakali anabwera kuchokera kumzikiti. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda kuvala chipewa chotsikira mbali imene kunalibe khutu. Anaona mikwingwirima pamapewa a mwana wake, n'kukhala pansi pa mtondo wogudubuka.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anthu amfuti anatigwira kufupi ndi Mandimba," anatero. "Nawonso ankati akutiphunzitsa. Munthu wakoyo ndamuona pabwalo paja. Akamamenya amakondwa. Amene anandidula khutu ine ankakondwa chomwecho."

"Baba, kwatsala sabata imodzi yokha."

"Kaitanitse mapepala ako."

"Anapita kale kwa akuluakulu. Ndikasiya pano, ndapirira chiyani?"

Che Bakali anadzuka pamtondo paja. "Allah akuone," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Tsiku lokawayesa lija litafika, onse makumi awiri ndi atatu anakwera lole ya nsomba atangotha mapemphero a swala ya m'mawa. Ndaona anali atawauza kuti akawapeza pageti la bwalo la kuboma ali ndi mndandanda wa mayina awo. Osmani anakhala pambali pa Shakila, thonje lili m'khutu. Khutulo linali litayamba kutuluka mafinya, ndipo munthu akamamulankhula ankatembenuza mutu wonse.

Kuboma anapeza anthu ngati nyerere. Anyamata ndi atsikana a ku Makanjira, a ku Namwera, a ku Monkey Bay, anali atakhala pansi m'mizere, aliyense envulopu yake m'manja. A ku Lungwena okha ndi amene anali chimanjamanja. Anaima pageti mpaka dzuwa linakwera. Shakila anaimba foni ya Ndaona kasanu, ndipo kasanu konse inayankha kuti nambalayo sikupezeka.

Kenaka msilikali wina anayamba kuitana pa chimkuzamawu mayina a anthu amene mapepala awo anali atalandiridwa.

"Osmani Shaibu!"

Shakila anamugwedeza Osmani. "Akukuitana! Waona? Mayina afika!"

Koma Osmani asanasunthe, mnyamata wina wamtali, wakuda ngati iye, anadzuka pamzere wachitatu. "Ndilipo, bwana!"

Osmani anayang'ana mnyamatayo, n'kuyang'ana Shakila. Kenaka anadumpha chingwe cha pageti, n'kuthamanga kudutsa pakati pa mizere akukuwa kuti, "Osmani ndine! Osmani ndine!" Asilikali awiri anamugwira asanafike. Phokosolo linadzutsa kaputeni wamkazi amene anakhala patebulo pansi pa tenti. Anali mayi wochepa thupi, wamagalasi, wolankhula motsitsa. Anaitanitsa onse awiri pamodzi ndi chiphaso, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhope ziwirizo.

"Mayi ako dzina lawo ndani?" kaputeniyo anafunsa mnyamata wamtali uja. "Mfumu ya kwanu?"

Sipanatenge nthawi, mnyamatayo anaulula. Iye analephera Fomu 4. Mapepalawo anagula m'mawa womwewo kwa bambo wina wa jombo, kutsidya la mlatho, pamphambano ya ku Namwera. Bamboyo anali ndi chikwama chodzaza, ankasankhira munthu chiphaso chofanana ndi nkhope yake, ndipo anati masana akwera galimoto ya ku Chiponde.

Kaputeni anaitana gulu lonse la ku Lungwena, n'kumva nkhani yawo mpaka kumapeto osawadula.

"Ife sitinatume munthu," anatero. "Sititumapo munthu. Sajeni wa dzina limenelo kulibe."

"Anati bambo anga poti ndi a ku Mozambique, pamtunda simungandilole," anatero Shakila. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

"Iwe unabadwira kuti?"

"Ku Lungwena."

"Ndiye ndiwe Mmalawi. Ndipo lero palibe amene akufunsidwa za pamtunda kapena pamadzi. Munthu amayamba wathamanga kaye." Anavula magalasi n'kupukuta maso. "Tili pano mpaka mawa masana. Amene abwere ndi mapepala ake enieni timuyesa. Za munthu wanuyo tiwauza apolisi pompano. Inu musakachite zanu."

Osmani yekha ndi amene tsopano anali ndi mapepala. Anamutengera kwa dokotala wa asilikali kuseri kwa tenti. Shakila anaona dokotalayo akuchotsa thonje, kuunika m'khutu ndi tochi, kenaka kuima kumbuyo kwa Osmani n'kumulankhula. Osmani sanatembenuke. Dokotalayo anamugwira paphewa, n'kumubwezera mapepala ake.

Osmani anabwerera akuyenda pang'onopang'ono. "Akuti khutu lafa," anatero. "Akuti ndizipita." Anapinda satifiketi ija kanayi n'kuiika m'thumba la kumbuyo, n'kuyamba kuthamanga cha kumlatho.

Onse anamutsatira. Panalibe amene anapangana. Masabata atatu a lamba anali atawaphunzitsa kuthamanga, ndipo anawoloka mlatho uja ali pamzere, mapazi akugunda pamodzi, anthu a njinga akupatuka. Shakila anali wachitatu.

Anamupeza Ndaona atakhala pabenchi ya wogulitsa tchipisi, akudya ndi kamtengo, chikwama chili kumsana. Buluku lamawangamawanga anali atasintha, koma jombo zinali zomwezo. Atawaona anaimirira, ndipo kwa kanthawi anayesa mawu ake akale.

"Imani pamzere! Ndani wakuuzani kuti muchoke pa..."

Osmani anamugunda ndi mutu pakamwa. Ndaona anagwera pachiwaya, mafuta otentha n'kumukhuthukira pamkono. Anakuwa, n'kudzuka, n'kuthamangira kumsewu, koma wa kabaza wina anamutchera mwendo.

"Wakuba! Wakuba!"

Mawu amenewo anaitana msika wonse. Anthu amene sankadziwa n'komwe kuti waba chiyani anabwera ndi zimene anali nazo m'manja: mipini, matabwa a mabenchi, tcheni cha njinga. Mnyamata uja anasanza magazi sabata yoyamba ankamuponda m'nthiti akuwerenga mokweza. Ndaona anadzipinda ngati bongololo, manja ataphimba mutu.

Shakila sanadziwe kuti njerwa yafika bwanji m'manja mwake. Msana wake unkayaka ngati lamba uja wangotera kumene. Anthu atapatuka pang'ono, Ndaona anakweza nkhope n'kumuona.

"Mwanangu," anatero, magazi akutuluka m'mano.

Shakila anamumenya nayo pabondo. Anamva fupa likuphwanyika kudzera m'njerwamo mpaka m'dzanja lake. Ndaona analira kulira kumene Shakila anali asanamvepo kwa munthu wamkulu, ndipo mkwiyo wonse unamuthera nthawi yomweyo. Njerwa inagwa yokha.

Koma anthu anali asanathe. Wina anagubuduza tayala lakutha kuchokera kwa wowotcherera, n'kumuveka m'khosi. Pamphambanopo pankagulitsidwa petulo wa m'mabotolo a malita awiri. Botolo linadutsa m'manja ndi m'manja pamwamba pa mitu, ndipo fungo lake linadzaza paliponse. Petulo anatsika m'tsitsi la Ndaona, m'malaya, mpaka pachikwama.

"Chikwama!" anakuwa Shakila. "Mapepala athu ali m'chikwama! Dikirani!"

Panalibe womumva. Anadzipanikiza pakati pa anthu, n'kugwada kumbuyo kwa Ndaona, n'kuyamba kukoka malamba a chikwamacho. Lamba mmodzi anavuka. Winayo anakola pansi pa tayala. Ndaona anamugwira dzanja ndi zala zoterera.

"Ndipulumutse. Ndikubwezera zonse. Ndili ndi ana."

Shakila anakweza maso kuti apemphe anthu, ndipo anaona Osmani ataima kutsogolo, bokosi la machesi lili m'manja.

"Osmani, ayi! Ndili pano! Osmani!"

Shakila anali kumanja kwa Osmani, mbali ya khutu lakufa. Osmani sankayang'ana wina aliyense koma Ndaona. Anakhwatcha kamodzi, n'kuponya.

Moto unalira ngati nsalu yaikulu ikukung'unthidwa. Shakila anagwa chagada chikwama chili m'manja, lamba ataduka. Mkono wake wamanzere unali kuyaka kuyambira m'zala mpaka pachigongono. Anauyang'ana ngati wa munthu wina. Mayi wina wogulitsa tomato anamuphimba ndi chitenje n'kumugubuduza m'fumbi. Atadzuka, anaona Ndaona akukwawa ndi bondo limodzi, tayala likuyaka m'khosi, anthu akubwerera m'mbuyo kumupatsa njira. Shakila anatola ndowa ya madzi otsukira mbatata ya wa tchipisi uja ndi dzanja lamanja, n'kumukhuthulira. Madziwo sanakwane. Bambo wina wachikulire anathamanga ndi thumba lonyowa, wina n'kukankha tayala ndi mtengo. Pamene galimoto ya apolisi inkafika, anthu onse a mipini aja anali atasungunuka, ndipo panatsala Shakila, bambo wachikulireyo, ndi Ndaona akupuma mokoka, khungu lake likufuka.

Anawatengera kuchipatala m'galimoto imodzi. Ndaona anamwalira tsiku lachiwiri. Apolisi anapeza kuti dzina lake lenileni linali lina, ndipo usilikali sanaulowepo. Anagwirapo ntchito ya ulonda pakampani ina ku Blantyre, kumene anachokako ndi jombo zija.

M'chikwama munapezeka masatifiketi khumi ndi asanu ndi awiri, onunkha petulo koma osapsa; enawo anali atagulitsidwa kale. Wapolisi wamkulu anavomera kuwapereka kwa eni ake m'mawa mwake atawalemba mayina, ndipo amene analimba mtima kukawatenga anathamangira nawo kubwalo nthawi isanathe. Asanu ndi mmodzi analembedwa usilikali. Satifiketi ya Shakila inalimo, pamodzi ndi chiphaso chake. Che Bakali ndi amene anakazitenga, n'kubwera nazo kuchipatala, n'kuziika pansi pa pilo. Shakila anali chigonere, mkono utakulungidwa mpaka paphewa, akumva chimkuzamawu cha kubwalo chikuitana mayina kutali.

Kanema wa pamphambano paja anazungulira m'mafoni dziko lonse. Apolisi anabwera pabedi pake ndi foni, n'kumuonetsa iye mwini atanyamula njerwa.

"Uyu ndiwe?"

"Ndine."

"Anayatsa machesi ndani?"

"Ndinali nditagwada. Utsi unali wambiri."

Wapolisiyo anamuyang'ana, n'kusuntha kanemayo ndi chala mpaka pamene nkhope ya Osmani inaoneka bwinobwino, dzanja lili m'mwamba. Sanamufunsenso. Apolisi anamugwira Osmani patapita masiku anayi ali m'munda wa bambo ake. Sanathawe. Shakila atatuluka m'chipatala anagona m'chitokosi masiku asanu ndi anayi, koma poti kanema yemweyo anamuonetsanso akuzimitsa moto ndi ndowa ija, anamumasula kuti adzakhale mboni.

Papita chaka ndi miyezi iwiri tsopano, ndipo mlandu sunalowebe m'khoti. Mkono wa Shakila unapola, khungu lake ndi losalala ndi lonyezimira, koma chigongono chimakana kuwongoka chonse. M'mawa uliwonse amanyamula chigubu cha madzi ndi dzanja limenelo, n'kuchilendeweretsa mpaka misozi ituluke, monga anamuuzira a kuchipatala. Bondo la Ndaona amalimvabe m'dzanja lamanja, makamaka akamaswa nkhuni.

Lamlungu lililonse lachiwiri amakwera lole kupita kundende ndi mpunga ndi utaka wokazinga. Osmani anaonda, ndipo anameta mpala. Amalankhulana pa waya, Shakila ataima chakumanzere kwake.

Ulendo wathawu Osmani anadya pang'ono n'kutseka kontena.

"Tamva pawailesi ya alonda kuti chaka chamawa alembanso," anatero.

"Ndamva."

"Ukayesa?"

Shakila anakweza mkono uja n'kuutambasula mpaka pamene umathera. Panatsala pang'ono, ngati zala zitatu.

"Ukawongoka ndipita. Koma mlanduwu uyambe watha. Akandiitana kukhoti ndikanena zonse, Osmani. Za lamba, za m'madzi, za njerwa yanga. Za machesinso."

Osmani anayang'ana mkonowo.

"Sindinakumve tsiku lija," anatero. "Wallahi, sindinakumve."

"Ndikudziwa."

"Ukanene. Ndatopa n'kudikira."

Mlonda anamenya chitsulo kuti nthawi yatha. Osmani anakhuthulira mpunga wotsala m'pepala la pulasitiki kuti akagawire anzake, n'kubweza kontena kudzera pansi pa waya. Shakila anaimanga m'chitenje, n'kufulumira kuti akapeze lole ya ku Lungwena isanadzaze.